Seva ikulira ngati chigayo: ndi kutentha kwa Ngabu kapena alowamo anthu?

Madamu a Labu, Ngabu: Mwaswera bwanji akuluakulu. Safunsa anadya phula, ndiye ndabwera. Tili ndi kachipinda kophunzitsira achinyamata kompyuta kuno ku Ngabu, makompyuta 14 ndi imodzi yaikulu imene timasungamo mafayilo a ophunzira, mayina ndi malikisi awo. Yaikuluyo, imene timaitcha seva, ili pa Ubuntu, mtundu wina wa Linux. Kuyambira Lachisanu fani yake sikupuma, ikulira ngati chigayo usana ndi usiku, kutsegula foda imodzi mpaka upite kukamwa madzi. Bandulo imene imatifikitsa kumapeto kwa mwezi yatha pa 19. Ine ndimati ndi kutenthaku, poti Okutobala wa kuno mukumudziwa. Ndichite chiyani? Amene anatiikira makinawa anasamuka, foni yake siikupezekanso.

Kabaza Linux, Nchalo: Fumbi limenelo madamu. Tsegulani bokosi, uzirani ndi blower, fani iyamba kupuma. Linux sagwidwa vayirasi, musade nkhawa.

Wa Sola, Bangula: Fumbi limatha bandulo aise? Kkkk

Madala Root, Nsanje boma: Mwana wanga wa ku Nchalo, mawu akuti Linux sagwidwa vayirasi uwasiye pa depoti. Madamu, musazimitse kaye makinawo. Tsegulani terminal, windo lolembamo malamulo, mulembe `top`, mutiuze mzere woyamba pa mndandanda wa mapulogalamu: dzina lake, mwini wake, ndi nambala ili pansi pa %CPU. Kenako `lsb_release -a` kuti tidziwe ndi Ubuntu wanji.

Madamu a Labu, Ngabu: Zikomo madala. Ndi Ubuntu 18.04. Pamwamba pali chinthu chotchedwa `kworkerd`, mwini wake `test`, CPU 390. Ndimaona ngati nambalayi siyenera kupitirira 100?

Madala Root, Nsanje boma: Pa `top` 100 ndi core imodzi, gawo limodzi la CPU, ubongo wa kompyuta. Makina anu ali ndi zinayi, ndiye chinthucho chadya zonse, chasiya makombo. Dzinalo ndi lonamizira. Ma kworker enieni ndi a kernel, mtima wa Linux, mwini wawo amakhala root, akaunti ya mphamvu zonse pa makina, ndipo sangayende pa dzina la munthu wotchedwa test. Tengani nambala ili kumanzere, ya PID, mulembe `sudo ls -l /proc/NAMBALA/exe`. Ikuuzani kumene pulogalamuyo ikukhala. Mulembenso `sudo ss -tunp` tione ikulankhula ndi ndani kunja.

Madamu a Labu, Ngabu: Ikuloza ku `/tmp/.x/`, foda yoyamba ndi kadontho. Ndipo pali kulumikizana ndi adiresi ina yomwe si ya m'labu muno. Mtima wanga wayamba kuthamanga tsopano.

Madala Root, Nsanje boma: Khazikani mtima pansi. Muli ndi alendo osaitanidwa. Zizindikiro zonsezi ndi za pulogalamu yokumba ndalama za pa intaneti, kawirikawiri imakhala XMRig yokumba Monero, yongosinthidwa dzina. Magetsi ndi anu, bandulo yanu, fani yanu ndiyo ikutha, ndalama ikupita kwa wina amene Ngabu sadziwa n'komwe kuti ili kuti. Choyamba zulani waya wa intaneti pa rauta, wa m'labu musiye. Kenako tifufuze khomo limene analowera. Lembani `sudo lastb | wc -l`, komanso `last test`.

Madamu a Labu, Ngabu: Mayo. Yoyambayo yabweretsa nambala ya masauzande ambirimbiri. Yachiwiri ikuonetsa kuti test analowa Lachinayi usiku cha m'ma 2 koloko. Nthawi imeneyo labu imakhala yokhoma, alonda okha panja.

Kalaliki wa ku East Bank: Ndiye alowa bwanji chitseko chili chokhoma? Ifenso tili ndi Ubuntu ku ofesi, mukundiopsa.

Madala Root, Nsanje boma: Analowera pa SSH, khomo nambala 22, limene anthu a ntchito yathu timalowerapo tili kutali. Ndikukayikira kuti mnyamata amene anakuikirani makinawo anatsegula port forwarding pa rauta, njira yofikira khomolo kuchokera pa intaneti, kuti azikuthandizani ali ku Blantyre osatsika chitunda cha ku Thabwa. Cholinga chinali chabwino. Koma khomo lotsegukira iye ndi lotsegukira dziko lonse. Pali makompyuta amene ntchito yawo ndi kungoyendayenda pa intaneti kugogoda pa 22 pa adiresi iliyonse, kuyesa root, admin, ubuntu, test, ndi mapasiwedi odziwika. Sasankha kuti uyu ndi banki, uyu ndi labu ya ku Ngabu. Masauzande mwaonawo ndi kugogoda kumene kunalephera. Kumodzi kokha kunatheka. Madamu, pasiwedi ya test inali chiyani, ngati mukuikumbukira?

Madamu a Labu, Ngabu: Ndikuchita manyazi. Inali test123. Anati ndi yongoyesera tsiku loika makina, achotsa. Zaka zadutsa.

Wa Sola, Bangula: Musachite manyazi achemwali. Ndikayenda m'maofesi kukaika ma inverter ndimapeza pasiwedi italembedwa pa kapepala, kapepalako atamata pa sikirini penipeni. Ena ndi dzina la mudzi ndi chaka. Inu bola munabisa.

Kabaza Linux, Nchalo: Chabwino ndagonja pa za fumbi. Koma nkhani yatha basi: `sudo kill -9` pa PID ija, `rm -rf /tmp/.x`, `userdel test`, mwamaliza. Mphindi zisanu.

Madala Root, Nsanje boma: Tisanatero, madamu lembani `id test` ndi `sudo crontab -l -u test`, tione magulu amene test alimo ndi ntchito zimene zinaikidwa kuti ziziyamba zokha. Muonenso m'fayilo ya `/home/test/.ssh/authorized_keys`.

Madamu a Labu, Ngabu: Pa id pakutuluka mawu akuti sudo pakati pa magulu. Pa crontab pali mzere woyamba ndi `@reboot` ndi wina wa nyenyezi zisanu, yonse ikutchula foda ija. M'fayilo ya makiyi muli mzere wautali umodzi, ine sindinauikemo.

Madala Root, Nsanje boma: Mwaona achimwene a ku Nchalo? Mukanaipha, pakutha mphindi imodzi ikanadzuka, chifukwa nyenyezi zisanuzo zikutanthauza mphindi iliyonse. Mukanasintha pasiwedi, akanalowa ndi kiyi yawo imene anasiya. Koma chachikulu ndi ichi: test anali m'gulu la sudo, ndipo pasiwedi yake anali nayo. Ndiye kuti anali ndi mphamvu za root. Munthu amene wakhala root pa makina ako angathe kusintha `ps`, `ls`, `ss`, ngakhale `sshd` yeniyeniyo, pulogalamu yoyang'anira khomo la SSH, kuti zizikunamiza. Zimene tazionazi ndi zimene sanavutike kubisa. Zimene anabisa sitingazione ndi zida za m'makina momwemo. Wakuba akagona m'nyumba mwako masiku anayi ali ndi makiyi onse, sungosesa pabalaza n'kunena kuti zatha. Ine uphungu wanga ndi umodzi: pulumutsani mafayilo, fufutani disiki yonse, ikani mwatsopano.

Kabaza Linux, Nchalo: Madala mukukokomeza. Anthu a ma miner, okumba ndalama amenewa, ndi ma script chabe, safuna malikisi a ana a ku Ngabu. Kufufuta zonse ndi ntchito ya masiku awiri, madamu ali okha, ophunzira akudikira. Pali rkhunter ndi chkrootkit, ayendetse zimenezo aone.

Madala Root, Nsanje boma: Mwina mukunena zoona kuti sanafune malikisi. Koma "mwina" ameneyo muika dzina lanu pansi pake? Zida mwatchulazo zimapeza zimene zikuzidziwa kale. Zikanena kuti palibe kanthu, sizinanene kuti makina ndi oyera. Ndipo pali chifukwa chachiwiri chimene chikuthetsa mkangano wathu: Ubuntu 18.04 anasiya kulandira zigamba zaulere za masiku onse pakati pa 2023. Ma LTS a Ubuntu, mitundu yosamalidwa nthawi yaitali ngati 18.04, amatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse, ndipo amasamalidwa zaka zisanu, pokhapokha utalembetsa Ubuntu Pro. Ndiye ngakhale pakanapanda mlendoyu, makinawo anayenera kuikidwa mwatsopano kalekale.

Mphunzitsi wa Masamu, Dyeratu: Ndimangowerenga mwakachetechete koma apa ndilowererepo. Ine ndili mbali ya madala. Chaka chatha ndinachita zimene akunena a Kabaza pa kompyuta ya mlamu wanga, ndinapha, ndinafufuta, tinasangalala. Patatha sabata fani inayambiranso. Anali atabisa kena mu systemd, ka service kokhala ndi dzina looneka lolemekezeka. Ndinataya nthawi kawiri.

Kabaza Linux, Nchalo: Chabwino, awiri kwa mmodzi. Koma ISO, fayilo yoikira Ubuntu mwatsopano, atenga kuti bandulo itatha? Ubuntu wa desktop masiku ano ndi pafupifupi 6 GB.

Wa Sola, Bangula: Seva sifuna desktop aise. Ine ndili ndi Ubuntu Server 24.04 ndi Debian 12 pa fulashi. Mawa m'mawa ndikupita ku Nchalo kukatenga mabatire, nditha kutsika pa Ngabu n'kukusiyirani. Mungondikonzera madzi ozizira.

Madamu a Labu, Ngabu: Takhuta achimwene, madzi a m'firiji ndi thobwa zikudikirani. Ndisankhe iti pa ziwirizi?

Madala Root, Nsanje boma: Imene manja anu anazolowera. Ubuntu anachokera mwa Debian, malamulo ambiri ndi amodzi, `apt` ndi yemweyo. Ine ndine wa Debian, ndinayamba naye kalekale ndili pa ntchito ku Blantyre, koma inu mwakhala pa Ubuntu, khalani pomwepo. 24.04 akufikitsani 2029. Fulashi ikafika, muyendetse `sha256sum` pa fayilo ya ISO, muyerekeze ndi nambala imene eni ake anasindikiza. Sikuti ndikukayikira a ku Bangula, koma fulashi zoyenda m'matumba zimawononga mafayilo.

Populumutsa zinthu, dzutsani makinawo kuchokera pa fulashi, osati pa disiki yodwalayo. Kopani zolemba, ma spreadsheet, zithunzi, database ngati ilipo. Musakope mapulogalamu, ma script, ma crontab, kapena foda za `.ssh`. Ndipo pasiwedi iliyonse imene inalembedwapo pa makina amenewo muitenge ngati yaululika: ya imelo, ya rauta, ya Wi-Fi, ya aphunzitsi anzanu. Zonse zisinthidwe.

Kalaliki wa ku East Bank: Madala, mutiuzeko ndi ife amene sitinalowedwe. Titseke bwanji khomo la 22 limeneli?

Madala Root, Nsanje boma: Funso loyamba ndi lakuti, kodi pali amene akufunikadi kulowa ali kunja? Ngati palibe, lowani mu rauta muchotse port forwarding, nkhani yatha theka. Kenako pa seva muyatse ufw, mpanda wotchinga makomo: `sudo ufw default deny incoming`, ndiye `sudo ufw allow from 192.168.1.0/24 to any port 22`, kusintha manambalawo kuti agwirizane ndi netiweki yanu, pomaliza `sudo ufw enable`. Zikatero SSH imayankha a m'nyumba okha. Musaiwale kutsegulanso khomo la zimene ophunzira amagwiritsa ntchito, monga Samba ngati mafayilo amagawidwa motero, apo ayi Lolemba mudzamva kuti labu yafa.

Chachiwiri, siyani mapasiwedi pa SSH, gwiritsani makiyi. Pa laputopu yanu `ssh-keygen -t ed25519`, muipatse mawu achinsinsi aatali, kenako `ssh-copy-id dzina@seva`. Mukaona kuti kiyi ikulowa, tsegulani `/etc/ssh/sshd_config` muike `PasswordAuthentication no` ndi `PermitRootLogin no`. Apa pali msampha umene wagwira ambiri. Pa Ubuntu watsopano muli foda ya `/etc/ssh/sshd_config.d/`, ndipo mafayilo a m'menemo amawerengedwa poyamba. Mwa sshd mawu oyamba ndiwo amapambana. Ndiye mungalembe no pansi, pomwe kafayilo kena m'fodamo kanena kale yes. Mukamaliza lembani `sudo sshd -T | grep -i passwordauthentication` muone chimene makina akukhulupirira, osati chimene inu mukuganiza kuti mwalemba.

Ndipo posintha zimenezi musatseke windo limene mwalowera. Tsegulani lachiwiri muyese. Ndinadzitsekerapo kunja ndekha, seva ili kutali, ndinakwera basi usiku chifukwa cha mzere umodzi.

Kabaza Linux, Nchalo: Ine ndimangosintha port kuchoka pa 22 kupita pa 2222, ma bot amasochera.

Mphunzitsi wa Masamu, Dyeratu: Amachepa, sasochera. Kuli ngati kusamutsa chitseko kupita kuseri kwa nyumba koma osaika loko. Log imayera pang'ono, ndi phindu lokhalo. Bola fail2ban: munthu akalephera kasanu m'mphindi khumi amatsekeredwa kunja mphindi khumi, ndipo nthawiyo mutha kuitalikitsa. Koma mukazimitsa mapasiwedi, fail2ban amangotsala wothamangitsa ntchentche.

Madala Root, Nsanje boma: Eya. Ndipo amene akufunadi kulowa ali kutali aike WireGuard, pulogalamu yotsegula njira yachinsinsi yolowera (VPN), yomwe ili mu kernel ya Linux kuyambira 2020. Sayankha aliyense amene alibe kiyi, wogogoda amaona ngati palibe nyumba.

Kalaliki wa ku East Bank: Nanga ma update? Kunena zoona ife tinawazimitsa dala. Makompyuta asanu onse kukoka zinthu zomwezo, bandulo imasungunuka ngati mafuta pa dzuwa la Novembala.

Wa Sola, Bangula: Pamenepo pali mankhwala, `apt-cacher-ng`. Mumaiika pa kompyuta imodzi, imamvera pa port 3142. Pa zinazo mumapanga kafayilo mu `/etc/apt/apt.conf.d/` kokhala ndi mzere wa `Acquire::http::Proxy` woloza ku kompyuta ija. Yoyamba ikakoka phukusi, zotsalazo zimatengera m'nyumba momwemo. Kwa madamu a makompyuta 14, ngati onse ali pa Ubuntu wofanana, ndiye kuti mukulipira kamodzi m'malo mwa ka 14. Ndiye muike `unattended-upgrades` kuti zigamba za chitetezo zizilowa zokha.

Kabaza Linux, Nchalo: Koma ma update omwewo si amene anabweretsa backdoor ya xz? Ndiye tizikhulupirira ndani?

Madala Root, Nsanje boma: Nkhani imeneyo ndi ya Malichi 2024. Munthu wina anakhala nthawi yaitali akuthandiza kukonza xz, pulogalamu yopanikiza mafayilo, mpaka anamukhulupirira, n'kubisa khomo lachinsinsi mu 5.6.0 ndi 5.6.1, lolunjika ku sshd. Anaitulukira Andres Freund, injiniya amene anadabwa kuti kulowa pa SSH kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi, n'kuyamba kukumba. Koma taonani kumene inafika: m'mitundu yoyeserera ndi yothamangira zatsopano. Debian stable ndi Ubuntu LTS amene anali m'manja mwa anthu sanakhudzidwe. Ndiye nkhaniyi sikuti ikuletsa update, ikuletsa kuika zoyeserera pa makina osunga malikisi a ana. Madamu sanagwe ndi xz. Anagwa ndi test123.

Madamu a Labu, Ngabu: Kkkk madala mwandipweteka koma ndi zoona.

Kalaliki wa ku East Bank: Poti mukuika mwatsopano achemwali, ndikuuzeni zanga za backup. Ife tinali nayo, timanyadira. Hadi disiki yakunja, Lachisanu lililonse kukopa, n'kuiika mu drawer ya tebulo lomwelo pamene pali kompyuta. Freddy atabwera mu Malichi 2023, madzi analowa mu ofesi, anatenga kompyuta ndi backup yake tsiku limodzi. Tinaiyanika pa dzuwa, tinaiika mu mpunga monga amanenera anthu, matope anali atalowa kale. Zaka zinayi za ntchito tinazilembanso kuchokera m'mabuku amene anapulumuka chifukwa anali pamwamba pa kabati. Kuno kwathu mbala yaikulu si ya pa intaneti, ndi Ruo ndi Shire. 2015 tinaona, 2019 tinaona, namondwe Ana mu 2022 mpaka anawononga Kapichira dziko lonse n'kukhala mu mdima, koma sitinaphunzire mpaka zitatigwera eni ake.

Madala Root, Nsanje boma: Pepani kwambiri achimwene. Mabuku a ntchito yathu amati makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kwina. Kwa anthu a kumtunda "kwina" angakhale ofesi yoyandikana nayo. Kwa ife a kuchigwa "kwina" ndi kumtunda kwenikweni, Blantyre kapena Thyolo, kapena pa intaneti ngati mafayilo ndi ochepa. Madamu, pezani ma disiki awiri. Imodzi ikhale pa seva, `rsync -a` izikoperamo mafayilo yokha usiku uliwonse kudzera mu cron. Inayo izikhala kwa munthu wodalirika kumtunda, muzisinthanitsa pakutha pa mwezi, makamaka Disembala asanafike. Yoyenda pa minibasiyo muitseke ndi LUKS, `cryptsetup luksFormat`, kuti ikatayika pa Thabwa wotola angopeza chitsulo. Muli mayina ndi malikisi a ana a eni, ndipo kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu, loyang'aniridwa ndi MACRA. Pa chifukwa chomwecho muwauze akuluakulu a pamalo panu zimene zachitikazi, mulembe tsiku ndi zimene mwapeza. Musazisunge mumtima.

Komanso kamodzi pa teremu tengani fayilo imodzi mu backup muitsegule. Ndaonapo cron ikukopa foda yopanda kanthu chaka chathunthu, anthu akugona tulo tabwino.

Wa Sola, Bangula: Za kutentha tisazitaye konse, poti a Kabaza sananame pa fumbi. Ikani `lm-sensors`, lamulo lake ndi `sensors`, muziona madigiri a CPU. Pa disiki `sudo smartctl -a /dev/sda`, muyang'ane kutentha ndi mzere wa Reallocated_Sector_Ct. Nambala imeneyo ikayamba kukwera, disiki ikutsanzika. Bokosi lichoke pansi, likhale pa shelefu, kutali ndi zenera la kumadzulo. Ndipo batire ya UPS musaikhulupirire. Opanga amawerengera madigiri 25, kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 moyo wa batire umadulidwa pakati. Ndiye ganizani chipinda cha malata ku Ngabu masana a Okutobala, panja patapitirira 40. Muziiyesa, zulani pulagi muone ngati ikugwira. Ngati UPS yanu ili ndi waya wa USB, pulogalamu ya NUT imatha kuzimitsa seva mwaulemu batire isanathe, m'malo moti igwe chagada pakati polemba.

Kabaza Linux, Nchalo: Mwamva? Blower wanga wabwerera m'bwalo kkkk



Madamu a Labu, Ngabu: Mwadzuka bwanji nonse. Ndikupereka lipoti. A ku Bangula anafika dzulo cha m'ma 9, anandithandiza mpaka masana, mabatire awo anakatenga mochedwa chifukwa cha ine. Mu rauta tinapezadi port forwarding ya 22, tachotsa. Tinapezanso kuti rautayo inali pa admin admin, tasintha. Mafayilo onse apulumuka, Ubuntu 24.04 walowa, ufw wayaka, ndikulowa ndi kiyi. Msampha munanena uja madala unalipodi: ndinalemba no, koma `sshd -T` inati yes, kafayilo ka cloud-init m'foda ija ndiko kanali kutsutsa. Takonza. Fumbi linatulukanso lodzaza manja, a Kabaza alandire ulemu wawo. Fani pano sikumveka n'komwe, `sensors` ikuti 52 masana ano. Akuluakulu ndawauza, poyamba anafuna kudziwa kuti wakubayo ndi wa mudzi uti. Chatsala ndi apt-cacher-ng ndi disiki yachiwiri, ndalama yake akuti kumapeto kwa mwezi.

Madala Root, Nsanje boma: Mwagwira ntchito. Akaunti ndi zingati pa seva tsopano, ndipo za sudo ndi zingati?

Madamu a Labu, Ngabu: Za sudo ziwiri, yanga ndi ya aphunzitsi anzanga mmodzi, aliyense yake. Ya test kulibe.

Mphunzitsi wa Masamu, Dyeratu: Disiki ikagulidwa mundiuze. Ndimakwera ku Blantyre Loweruka loyamba la mwezi uliwonse kukaona ana, ingamakhale kwa achemwali anga ku Chilobwe. Mungoipatsa kondakitala wodziwika aitsitse pa Dyeratu Lachisanu madzulo, koma mawu otsegulira LUKS musandiuze, ndisakhale nawo.